Kompyuta yakale ija musaitaye, ingathe kulowa pa intaneti

M'nyumba zambiri za ku Kitwe ndi ku Ndola muli kompyuta imene yakhala pakona kwa zaka zingapo, yophimbidwa ndi citenje, pamwamba pake pali maluwa a pulasitiki kapena cithunzi ca ukwati. Ena anaigula pamene kampani inali kugulitsa katundu wakale, ena anatumiziridwa ndi mwana amene ali ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ena anabwera nayo popuma pa nchito ya mumgodi. Ikayatsidwa iyaka ndithu, ndipo kalata ilemba bwino, koma eni ake anauzidwa kuti ndi yakale kwambiri kotero kuti intaneti singalowemo.

Mau amenewa nthawi zina ndi oona, koma kawirikawiri ndi bodza la munthu amene afuna kugulitsa yatsopano. Makompyuta ambiri otere angofuna nthambo yoyenera kapena kacipangizo kakang'ono kochipa. Vuto ndi lakuti anthu athu agula zinthu zosagwirizana ndi makina awo, ndalama n'kupita, mtima n'kutaya. Ndiye cifukwa cake lero tati tikambirane nkhaniyi bwinobwino, pakuti safunsa anadya phula.

Nkhaniyi si yamasewera. Pamene boma linalola anchito kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za NAPSA mu 2023, njira yofunsira ndalamazo inali ya pa intaneti, ndipo acikulire ambiri anapereka manambala awo acinsinsi kwa anyamata osawadziwa kuti awathandize. Misonkho ya ZRA ilipiridwa pa intaneti. Mwana wa ku Copperbelt University sangalembe nchito ya masamba makumi awiri pa foni. Ngakhale ana aang'ono afunika kuzolowera kiibodi ndi mauzi. Tikumbukira bwino zimene zinacitika mu 2015, pamene ana a giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta: m'masukulu ena makina anacepa kotero kuti ana anadikirana mpaka usiku. Dziko limene makompyuta ndi ocepa cotere silingataye makina amene akali ndi moyo.

Kumene tacokera

Zambia si mlendo pa intaneti. Mu Novembala 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lathu ku intaneti, ndipo tinali pakati pa maiko oyambirira mu Africa. M'caka comweco bungwe la PTC, limene likulu lake linali ku Ndola, linagawidwa pawiri kukhala Zamtel ndi Zampost. Masiku amenewo intaneti inali kudzera mu nthambo ya lamya. Kompyuta inali kuimba nambala, n'kulira ngati nkhululu, ndipo liwiro lake silinali kupitirira 56 kbps. Munthu akakhala pa intaneti, wina aliyense woimba lamya panyumbapo anali kupeza kuti yatsekeka.

Kuno ku Migodi tinali ndi mwayi wina. Pamene ZCCM inali kugulitsidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthambi zake zina zinasanduka makampani paokha. Ku Kitwe kunabadwa CopperNET, yopereka intaneti, komanso Copperbelt Energy Corporation, imene inayamba mu 1997 ndipo inakoka nthambo za faiba motsatira mizere yake ya magetsi. Mu 2011 kampani ya magetsiyi inagwirizana ndi Liquid Telecom, ndipo m'zaka zotsatira faiba inayamba kufika m'maofesi ndi m'nyumba za madera ena. Pambali pake panabwera intaneti ya mafoni, kuyambira timodemu tolowetsa m'kompyuta mpaka 4G ndi 5G, ndipo mu Okutobala 2023 Starlink inayamba kugwira nchito m'dziko muno.

Mbiri imeneyi tainena cifukwa iri ndi phunziro pogula. Ku America ndi ku maiko ena a ku Ulaya intaneti ya m'nyumba zambiri idzera mu nthambo yobulungira ya wailesi yakanema, ndipo modemu yake iri ndi kamwa kokulungiza ngati kumbuyo kwa dikoda. Ife kuno kanema anatifika kudzera mu eriyo ndi dishi, ndipo njira imeneyo sitinaiyale m'makomboni mwathu. Tsono modemu ya mtundu umenewo ikapezeka pakati pa katundu wakale wocokera kunja, ngakhale iwale motani, musaigule. Ilibe polumikiza kuno. N'cimodzimodzi ndi modemu yakale yoimba lamya: nthawi yake inatha. Cimene cibweretsa intaneti panyumba lero ndi kabokosi ka faiba, rauta ya simu kadi, kapena dishi ya Starlink, ndipo zimenezi mupatsidwa kapena kulangizidwa ndi kampani imene mwalembetsa.

Yambani mwaona kumbuyo

Musanapite ku msika wa Chisokone kapena ku masitolo a m'tauni ya Ndola, tembenuzani bokosi la kompyuta muone kumbuyo kwake. Makina ambiri akale ali ndi timabowo tiwiri tofanana maonekedwe. Kakang'ono ndi ka nthambo ya lamya, ndipo kameneko kalibenso nchito. Kokulirapo pang'ono, kamene kali ndi timawaya tisanu ndi titatu m'kati ndipo kawirikawiri kali ndi timagetsi tiwiri pambali, ndi ka Ethernet. Ngati kalipo, theka la nchito latha.

Ethernet inayambika mu 1973 ku kampani ya Xerox ku America, ndipo ubwino wake ndi wakuti zatsopano zimvana ndi zakale. Kompyuta ya mu 2004 ndi rauta ya caka cino zikalumikizidwa ndi nthambo, zimvana zokha liwiro limene zonse ziwiri zingathe. Makina ambiri akale athamanga mpaka 100 Mbps, ndipo liwiro limeneli likwanira pa kulemba, kuwerenga, kutumiza makalata ndi kuonera maphunziro a pa kanema.

Nthambo yofunika ichedwa Cat5e kapena Cat6, ndipo dzinali lilembedwa pa nthambo yeniyeniyo. Ingathe kutalika mpaka mamita 100 popanda vuto. Koma cenjerani ndi nthambo zochipa kwambiri zimene m'kati mwake ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Pa bokosi lake palembedwa CCA. Zithyoka msanga ndipo pa mtunda wautali zivuta. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. N'zocititsa manyazi kuti ife amene tikhala pamwamba pa mkuwa tigulitsidwe nthambo zonamizira mkuwa.

Kumbuyo kwa rauta kulinso timabowo. Kolembedwa WAN ndi kolowera intaneti yocokera ku kampani. Tolembedwa LAN ndi topita ku makompyuta anu. Anthu ambiri alowetsa nthambo pa WAN, n'kunena kuti kompyuta ndi yakufa. Mukalowetsa pa LAN, timagetsi tija tiyenera kuyaka ndi kuphethira. Tikapanda kuyaka, yesani nthambo ina musanaweruze makina.

Ngati kabowo kalibe kapena kanapsa

Pali makompyuta ena amene alibe kabowo ka Ethernet, ndipo ena kanapsa ndi mphezi. Apa pali njira zitatu.

Yoyamba ndi kadi ya netiweki yoikidwa m'kati mwa bokosi. Makadi amenewa ali mitundu iwiri imene silowerana. Makina akale ali ndi malo aatali, nthawi zambiri oyera, ochedwa PCI. Makina a kuyambira ca m'ma 2004 anayamba kubwera ndi malo ena ochedwa PCI Express. Kadi ya mtundu wina singalowe m'malo a mtundu wina, ndipo kuikakamiza ndi kuthyola makina. Tsegulani bokosi magetsi atazimitsidwa ndi pulagi itazulidwa, jambulani m'katimo ndi foni, ndipo muonetse wogulitsa cithunzico.

Yaciwiri ndi adaputa imene mbali ina ilowa pa USB, mbali ina ilandira nthambo ya Ethernet. Iyi ndiyo yapafupi, makamaka pa malaputopu. Koma USB nayo iri ndi mibadwo. Yakalekale, ya 1.1, ithamanga 12 Mbps cabe, pamene ya 2.0 ifika 480 Mbps. Kompyuta ya USB 1.1 idzalowa pa intaneti, koma mwa kayendedwe ka birimankhwe.

Yacitatu ndi kacipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Iyi ndiyo njira ya amene ali ndi MiFi, pakuti tumabokosi tambiri ta m'thumba timeneti tilibe polowetsa nthambo ya Ethernet. Pano pali misampha iwiri. Zipangizo zakale zimva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ndipo ya 5 GHz siziiona n'komwe. Komanso zakale kwambiri zidziwa loko wa WEP yekha, amene mbala za pa intaneti zinadziwa kale kuthyola, pamene marauta a lero atsekedwa ndi WPA2 kapena WPA3. Wina akakuuzani kuti acotse pasiwedi pa rauta kapena abwezere loko wakale kuti kompyuta ilowe, mukane. Kumeneko ndi kuzula citseko cifukwa kiyi wavuta. Gulani kacipangizo ka Wi-Fi katsopano, kapena gwiritsani nchito nthambo. Palinso njira yosalira ndalama: mafoni ambiri a Android angathe kugawira kompyuta intaneti kudzera mu nthambo yochajira, ngakhale kuti pa Windows yakale kwambiri njirayi nthawi zina ivuta.

Pa njira zonsezi pali cinthu cimodzi cimene cagwetsa anthu ambiri. Cipangizo ciriconse cifuna kapulogalamu kocidziwitsa kwa kompyuta, kamene amisiri acha driver. Zipangizo zambiri zatsopano zilibe driver ya Windows XP, ndipo zina ngakhale ya Windows 7 zilibe. Werengani pa bokosi musanalipire, muone ngati Windows yanu yachulidwa. Ndipo popeza kompyutayo isanalowe pa intaneti singadzitengere yokha driver, pemphani wogulitsa akuikireni pa fulashi. Koposa zonse, nyamulani bokosi la kompyuta mupite nalo, ayese muli pomwepo, ndipo mulandire lisiti.

Magetsi ayaka koma masamba satseguka

Nthawi zina nthambo iri bwino, timagetsi tiphethira, koma tsamba lirilonse likana kutseguka ndipo pabwera cenjezo lakuti malowo ndi osatetezeka. Musathamangire kunena kuti mwalodzedwa. Yang'anani tsiku ndi caka pakona ya sikirini. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yacitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kasunga nthawi makina akazima. Kakatha, kompyuta ibwerera ku caka cimene inapangidwa. Masamba a intaneti ali ndi ziphaso zokhala ndi masiku oyambira ndi othera, ndipo kompyuta imene iganiza kuti tikali mu 2005 ikana ziphaso zonse za lero. Kabatire kameneka kapezeka m'masitolo ambiri, ngakhale kwa okonza mawochi, ndipo kusintha kwake sikutenga mphindi zisanu.

Cina ndi pulogalamu yotsegulira masamba. Google Chrome inaleka kuthandiza Windows XP mu 2016, ndipo pa Windows 7 inalekezera pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023. Pa 30 Sepitembala 2021 ciphaso cina cacikulu cimene masamba ambirimbiri anali kudalira cinatha nthawi yake, ndipo makina akale ambiri pa dziko lonse anayamba kukana masamba amene dzulo lake anali kutsegula. Apa vuto si nthambo ayi, koma pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse.

Ngozi imene ogulitsa sanena

Apa ndiye pagona nkhani. Kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zigamba zotetezera Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo cithandizo ca masiku onse ca Windows 10 cinatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yotere ikalowa pa intaneti iri ngati nyumba ya mazenera opanda zitsulo m'mbali mwa mseu waukulu. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inalowa m'makompyuta osakonzedwa m'maiko ambiri, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Ngati zinatero kwa eni ndalama, nanga kwa ife?

Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere. Pali mapulogalamu oyendetsa kompyuta a banja la Linux, monga Lubuntu ndi Linux Mint, amene sakhala olemera pa makina akale ndipo alandirabe zigamba zacitetezo. Onse awiriwa anacokera ku Ubuntu, imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi lija ife tinena kuti umunthu. Ubwino wina ndi wakuti Linux idziwa yokha makadi ambiri akale a netiweki popanda kufunafuna driver. Mwana amene anazolowera Windows kusukulu sadzasokera, pakuti kulemba, kuwerengera ndi kutsegula masamba ndi cimodzimodzi.

Koma tisanamizane, si kompyuta iriyonse imene iyenera kuvutikiridwa. Makina a mbadwo wa Core 2 Duo, amene anayamba mu 2006, ndi ena obwera pambuyo pake, akaikidwa memore yokwana 4 GB agwira nchito bwino, ndipo akaikidwa disiki ya SSD acita ngati abadwanso. Amene ali ndi memore yosafika 2 GB adzavutika ndi masamba a lero. A nthawi ya Pentium 4 ndi akale kuposa apo ndi bwino kuwasiya osalumikiza, ana aziphunzirirapo kutaipa. Imeneyonso ndi nchito yaulemu. Ndipo lamulo lathu likhale ili: pa kompyuta ya Windows yotha nthawi musalowetsepo nambala ya banki, ya NAPSA, kapena ya ndalama za pafoni.

Mau amenewa apitenso ku maofesi a maparishi ndi a mipingo ina. M'makompyuta akale a m'maofesi amenewa muli maina a obatizidwa, a maukwati, a ana amasiye ndi a odwala amene athandizidwa. Dziko lathu liri ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, la mu 2021, koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, cinsinsi ca munthu ndi copatulika. Kompyuta yosunga mabuku otere isalumikizidwe ku intaneti isanakonzedwe, ndipo isapatsidwe kwa wina disiki yake isanafufutidwe.

Magetsi ndi mphezi

Makina ena akale ocokera ku America ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230. Kaswichi kakakhala pa 115 inu n'kulowetsa pulagi, mudzangomva kuphulika ndi fungo la utsi. Onani kaswichiko musanayatse koyamba.

Cilala ca mu 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo tinakhala maola ambiri tsiku lirilonse opanda magetsi. Cinatiphunzitsa kuti coopsa si kuzima kokha, koma kubwera kwa magetsi mwamphamvu. Magetsi akapita zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani pang'ono. Gulani pulagi yochinga mphamvu yopitirira. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphezi za kuno ku Migodi tizidziwa tonse. Nthambo ya faiba ndi ya galasi ndipo siyendetsa magetsi, koma ya Ethernet ndi ya mkuwa. Kukayamba kugunda, zulani pulagi ndi nthambo yomwe, makamaka ngati nthamboyo idutsa panja kupita ku nyumba ina. Amene magetsi avuta kwambiri kwawo aganizire laputopu yakale m'malo mwa bokosi lalikulu, pakuti idya magetsi ocepa ndipo ingayende ndi sola yaing'ono.

Imene yafadi isatayidwe ku dzala kapena kuotchedwa pofuna mkuwa wa m'kati. Masikirini akale a cimimba ali ndi mtovu wambiri m'galasi lake, ndipo zimene mtovu wacita kwa ana a ku Kabwe sitifunikira kuuzidwa. Utsi wa nthambo zootcha ulowa m'zifuwa za ana athu, ndipo zotsala zikokoloka kupita ku Kafubu ndi ku Kafue kumene timwa. Funsani ku khonsolo kapena ku ZEMA za amene aloledwa kutolera zinyalala zotere. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula khalidwe logula n'kutaya, ndipo kukonza makina akale ndi njira imodzi yomvera cidzudzulo cimeneco.

Pempho lathu

Kwa amalonda a zipangizozi tinena kuti phindu la bodza silikhalitsa. Mayi wa ku Chamboli kapena bambo wa ku Chifubu akabwera osadziwa kusiyana kwa PCI ndi PCI Express, muuzeni zoona, ndipo adzabweranso ndi anzake.

Kwa a ZICTA, amene lamulo la mu 2009 linawapatsa udindo woyang'anira za mauthenga ndi kuvomereza zipangizo zolowa m'dziko, tipempha kuti maphunziro awo kwa ogula afike m'misika ndi pa mawailesi a m'madera, m'Cinyanja, m'Cibemba ndi m'Cilamba, osati m'Cizungu cokha.

Kwa makomiti a CDF, amene ndalama zawo zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lirilonse mu 2022, tikumbutsa kuti rauta imodzi, swichi imodzi ndi mpukutu wa nthambo zingathe kulumikiza makompyuta akale khumi m'cipinda cimodzi ca sukulu. Musanaitanitse zatsopano, werengani zimene zagona m'masitolo a sukulu.

Kwa acinyamata ophunzira za makompyuta ku Copperbelt University ku Kitwe ndi ku NORTEC ku Ndola, tinena kuti maholo a maparishi athu ali otseguka. Loweruka limodzi pa mwezi, anthu abwere ndi makina awo, inu muwaone, musinthe mabatire, muike Linux, mulangize cogula. Inu mudzanola luso, makolo adzapulumutsa ndalama. Mpingo sunaope zida za mauthenga: kuyambira pa cikalata ca Inter Mirifica mu 1963 waziona ngati mphatso zoyenera kugwiritsidwa nchito mwanzeru, ndipo Carlo Acutis, mnyamata amene anatumikira Mulungu ndi kompyuta yake, anaikidwa m'gulu la oyera pa 7 Sepitembala 2025.

Ndipo kwa makolo, mau otsiriza. Kompyuta ya panyumba iri ndi ubwino umene foni ilibe: ikhala poyera. Iikeni pa balaza, sikirini iyang'ane kumene anthu adutsa, kuti mwana aziphunzira maso a banja ali pa iye. Walira mvula walira matope; intaneti ibwera ndi zabwino ndi zonyansa zomwe, ndipo nthambo ya Cat6 singalere mwana m'malo mwanu. Madzulo ano vundukulani citenje cija, pukutani fumbi, muone kumbuyo kwa bokosi. Mwina cimene mwana wanu wakhala akupempha ciri kale m'nyumba.